Mabwato a Azakhali Zuwena

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite atatuluka, Fathiya anali pa sikelo pa Chiringa, akuthandiza bambo ake kuyeza nandolo. Rodney, mnzake amene anakhala naye kalasi imodzi kuyambira Fomu 1, anatulukira pa njinga akuliza belu ngati wapenga, foni ili m'mwamba.

"Fathiya! Wapita! Tapita tonse!"

Mtsikanayo anasiya thumba likulendewera pa sikelo n'kulanda foni ija. Anakuza zilembo, ndipo dzina linalipodi: Fathiya Ahamadi, maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Analiwerenga katatu, kenaka anakuwa mokweza moti amayi awiri amene ankadikira kuti nandolo wawo ayezedwe anadzidzimuka. Atamva nkhaniyo anaimba nthungululu ngati mwanayo ndi wawo. A Ahamadi, bambo ake, anangokhala pansi pa thumba atagwira ndevu, n'kumabwereza kuti, "Alihamudulila, alihamudulila."

Pa sekondale yoyendera ya kumeneko anasankhidwa anayi okha chaka chimenecho, ndipo mwa anayiwo katswiri anali Fathiya. Aphunzitsi onse ankamudziwa. Manotsi amene mwalemba pa bolodi Lolemba, Lachisanu ankakubwezerani onse, osasiyako ndi mpatuliro womwe.

Patapita masiku atatu, Madamu Wezi anawaitana anayiwo kusukulu. Anali mphunzitsi wa Chingerezi, wa kwawo ku Rumphi, wamfupi, woyenda mothamanga ngati nthawi zonse wachedwa. Anawakhazika m'kachipinda ka mabuku, nawayang'ana mmodzimmodzi.

"Mwakhoza, ndipo ndasangalala moti dzana ndinavina pamaso pa ahedi," anatero. "Koma mverani. Ine ndinapita ku koleji ndi mapointi abwino kuposa anuwa. Semesita yoyamba ndinatsala pang'ono kuchotsedwa. Tsiku loyamba ndinatsegula kope kudikira manotsi. Mphunzitsi analowa, analankhula ola lathunthu osakhudza choko, anatipatsa mndandanda wa mabuku, n'kutuluka. Ine kope lili loyera mbee! Palibe anandichenjeza. Inu muli ndi miyezi itatu musanapite. Loweruka lililonse m'mawa ndikufunani pano."

Anatulutsa mapepala m'chikwama n'kugawa. Inali nkhani ya kafukufuku, masamba makumi awiri, yolembedwa ndi Dokotala Kaliati, mphunzitsi wa pa yunivesite imene Fathiya anasankhidwirayo. Inkakamba za usodzi pa nyanja ya Chilwa.

"Muwerenge. Mundilembere masamba awiri: mukuganizapo chiyani."

Fathiya anaiwerenga ndi mtima wonse. Mawu ovuta anawafufuza m'dikishonale, mitu yonse anailoweza, ndipo m'malo mwa masamba awiri analemba anayi, m'zilembo zokongola zowongoka ngati mizere ya m'dimba. Popereka ankamwetulira.

Loweruka lotsatira pepala lake linabwera lopanda malikisi. Panalibe chonga ngakhale chimodzi. M'munsi munali funso limodzi lokha la inki yofiira: Zonsezi ananena ndi a Kaliati. Nanga Fathiya akuti chiyani?

Anzake atatuluka, iye anatsalira.

"Madamu, ndalakwa pati?"

"Palibe pamene walakwa. Palibenso pamene walankhula."

"Koma iwowa ndi dokotala, Madamu. Ine ndingawonjezerepo chiyani? Ndangomaliza Fomu 4."

"Uli ndi maso? Uli ndi makutu? Nyanja imeneyi ili m'boma lako lomwe lino, iwo anachita kubwera pa galimoto. Kawerengenso, koma ulendo uno pensulo ili m'manja. Pamene mtima wako wavomera, chonga. Pamene sunamvetse, lemba funso. Pamene mtima wakana, zunguliza."

Fathiya anabwerera kunyumba atatupa. Masiku awiri mapepalawo sanawakhudze. Lachiwiri masana, makasitomala atachepa, anakhala pakhonde la golosale ya bambo ake n'kuyambanso kuwerenga, pang'onopang'ono, pensulo ili m'manja monga anauzidwira. Anachonga apa ndi apo. Analemba mafunso awiri. Atafika pa tsamba lachisanu ndi chinayi anaima. Dokotalayo analemba kuti pa madoko onse amene anayendera, amayi alibe mabwato kapena maukonde. Gawo lawo ndi kuyanika nsomba ndi kugulitsa basi. Umboni wake unali makaundula a makomiti a pa doko, mmene munalibe dzina la mkazi ngakhale limodzi.

Ulendo woyamba chiganizo chimenechi anachiloweza, anachikoperanso m'pepala lake. Tsopano anachiwerenga n'kuphulika kuseka.

"Ababa! Azakhali Zuwena ali ndi mabwato angati?"

"Mchemwali wanga uja? Atatu, ndi khoka lomwe," anayankha a Ahamadi ali mkati. "Bwanji?"

"Akuti amayi alibe mabwato!"

"Akutero ndani?"

"Dokotala wa ku yunivesite!"

"Ameneyo sanakumane ndi Zuwena."

Fathiya anazunguliza ndime ija kawiri mpaka pensulo inaboola pepala. Sanadikire Loweruka. Anakwera njinga ya bambo ake n'kupalasa mpaka ku nyumba za aphunzitsi, kumene anapeza Madamu Wezi akuyanika zovala.

"Madamu, ndawagwira! Alakwitsa! Tsamba naini!"

Madamu anamvetsera nkhani yonse, chovala chonyowa chili paphewa. Maso awo ankawala, koma pakamwa panatuluka zina.

"Azakhali ako ndi munthu mmodzi. Iwo ali ndi makaundula a madoko asanu. Iwe uli ndi chiyani?"

"Ndikudziwa kuti ndi zoona!"

"Ine ndakukhulupirira. Wa ku yunivesite sakakhulupirira chifukwa choti wakweza mawu. Akafuna aone kuti wadziwa bwanji. Ndiponso funso lokoma si lakuti alakwitsa kapena ayi. Funso ndi lakuti, ngati azakhali ako ali ndi mabwato, n'chifukwa chiyani kaundula sakuwadziwa?"

Funso limenelo linamukhala Fathiya m'mutu njira yonse yobwerera. A Ahamadi poyamba anakana za ulendo wa kunyanja, ati mwana wamkazi sayendayenda pa madoko. Koma ataimbira foni mchemwali wawo, mawu a kumeneko anamveka mpaka panja: "Mubweretseni mwanayo kuno, achimwene! Mukuopa kuti ndimudya?" Lachisanu m'mawa anamukweza pa njinga yamoto ya munthu amene ankamudziwa, kope latsopano lili m'chikwama.

Anasiya phiri la Michesi kumbuyo, nadutsa minda ya nandolo, mpaka nthaka inayamba kuda ndipo minda ya mpunga inatambalala mbali zonse. Fungo la matemba linawachingamira nyanja isanaoneke. Pa doko panali piringupiringu: njinga zodzaza madengu, amayi akutembenuza nsomba pa mathandala, asodzi akukoka mabwato m'matope.

"Wafika wa ku yunivesite!" Azakhali Zuwena anakuwa ali patali. Anali mayi wamkulu thupi, mpango utakulunga mutu ndi khosi, foni ziwiri zili m'manja. Anamukumbatira mpaka kumunyamula, namuzunguza pa doko lonse kumuonetsa kwa aliyense. Kenaka anamulozera mabwato atatu ogona pa bango.

"Ilo, ilo, ndi ilo lakudalo. Loyamba ndinagula ndi mpunga wa chaka chimodzi. Ukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ndione kaundula, azakhali."

Mlembi wa komiti ya pa dokopo anali a Frank, bambo waulemu wovala magalasi omanga ndi ulusi. Anatulutsa buku lalikulu m'jumbo, nalitsegula pa bondo. Fathiya anayendetsa chala m'mizere. Mayina onse anali a amuna, monga mmene dokotala ananenera. Dzina la azakhali ake munalibe. Koma pa mzere wina anaona mabwato atatu ndi khoka limodzi, mwini wake Anas.

Anas anali mwana wa azakhali akewo, msuweni wake, amene anapita ku Joni zaka zisanu zapitazo ndipo ali mwana ankalira akangomukweza m'bwato.

"Azakhali, Anas ali ndi mabwato?"

Amayi amene anasonkhana kudzaonerera anafa nalo phwete. Azakhali Zuwena anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Anas! Nkhafi yomwe sadziwa kuti amagwira mbali iti! Tamvera, mwana wanga. Nditagula bwato loyamba ndinapita kukalembetsa. Mlembi wa nthawi imeneyo, osati a Frank awa, sanandifunse kuti bwatoli ndi la yani. Anandifunsa kuti mwamuna wa pakhomo ndani. Amuna anga anali atamwalira. Ndinatchula Anas, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Analemba. Zangokhala choncho mpaka lero."

Fathiya anasolola cholembera. Anatsegula kope n'kulemba mofulumira, zilembo zokongola zija zitathawa. Kaundula sananame ayi. Anayankha funso limene anafunsidwa, koma funsolo linali lina.

"Alipo ena ngati inu?"

"Dikira pompo."

Pofika madzulo anali atacheza ndi amayi asanu ndi awiri, onse obwera nawo azakhali. Aliyense anali ndi bwato kapena maukonde, aliyense analembetsa m'dzina la mwamuna, koma zifukwa sizinali zofanana. Wina anati amuna ake akanachita manyazi pagulu. Wina anati ku misonkhano ya eni mabwato mkazi akaimirira amuna amayamba kucheza zawo, ndiye bola atumeko mlongo wake. Wina, wachilomwe wachikulire amene Chichewa chake chinkakokera kwawo, anangoti, "Ine ndimafuna nsomba, dzina m'buku sindidya." Fathiya analemba zonse, ndi mawu awo enieniwo, ndipo aliyense anamufunsa ngati akulola kuti zimene wanenazo zilembedwe.

Atabwerera ku Chiringa analemba masamba atatu tsiku limodzi. Chiganizo choyamba chinali chakuti Dokotala Kaliati ananamiza dziko. Loweruka anawerenga pamaso pa anzake, mawu ali pamwamba, akudikira kuomba m'manja.

Rodney anakweza mkono. "Ananama pati? Iweyo wanena wekha kuti m'kaundula mulibe akazi."

"Koma mabwato ndi a akazi!"

"Ndiye sananame. Sanaone."

"Rodney wakhoza," anatero Madamu Wezi. "Munthu ukamutchula wabodza amasiya kukumvera. Nena zimene anapeza, uvomere pamene anakhoza, kenaka uonetse chimene chinawadutsa. Ndiponso apa walemba kuti dokotala akuti. Akutero pa tsamba lanji? Chaka chanji? Wowerenga akafuna kukaona yekha apite kuti?"

Pepala linabwerera katatu. Ulendo woyamba linali lofiira ngati lagwera m'magazi a mbuzi. Ulendo wachiwiri Madamu anadula ndime yonse imene Fathiya ankainyadira kwambiri, yofotokoza kukongola kwa minda ya mpunga, ati ndi yokoma koma sikugwira ntchito iliyonse. Fathiya anang'ung'udza, koma atawerenga popanda ndimeyo anamva yekha kuti nkhani yathamanga. Anayamba kukonda ntchitoyo mwa njira imene sanaiyembekeze. Ankayeza nandolo uku akusuntha ziganizo m'mutu. Anzake atatu aja nawonso anali ndi zawo: Rodney ankalimbana ndi nkhani ya mbewu, ndipo Loweruka lililonse kachipinda ka mabuku kankamveka phokoso ngati msika, aliyense akufunsa mnzake kuti wadziwa bwanji.

Ulendo wachinayi Madamu anawerenga mpaka kumapeto osatsegula cholembera. Anakweza maso.

"Pansi pa nkhani yawo pali imelo. Tiwatumizire?"

"Ndani?"

"Eni ake."

Fathiya anagwira pakamwa. "Madamu, akandithamangitsa ndisanafike n'komwe!"

"Mwina akwiya. Mwina sayankha. Pepala ndi lako, ukakana sinditumiza."

Anzake anayamba kumenya madesiki. "Tumiza! Tumiza!" Fathiya anakhala pa laputopu ya Madamu n'kutaipa ndi zala ziwiri, ola lathunthu ndi theka. Kalata yoperekezera anailemba kasanu. Pomaliza anatseka maso n'kudina, kenaka anathawira panja n'kuzungulira bwalo la mpira wamanja akukuwa.

Sabata inatha, zii. Yachiwiri inathanso. Fathiya anayamba kudziuza kuti anthu akuluakulu sawerenga za ana a ku Chiringa, ndipo mwina n'zabwino choncho. Loweruka lachitatu, ali pakati pophunzira mmene munthu amalembera manotsi ake mphunzitsi akulankhula, foni ya Madamu inalira. Anayang'ana nambala yachilendoyo, nayankha, ndipo nkhope yawo inasintha. Anaika foni pa desiki n'kutsegula sipika.

"Ndine Dave Kaliati," anatero mawu a bambo, okhuthala, osafulumira. "Ndikufuna a Fathiya Ahamadi."

Fathiya anaimirira ngati bamboyo akumuona. "Ndine, bwana."

"Ndawerenga pepala lanu kawiri. Ndinakatenganso mafomu anga akale kuti ndione. Miyezi inayi ndinakhala pa nyanja imeneyo, ndipo palibe tsiku limene ndinafunsa mlembi kuti polemba dzina amafunsa funso lanji. Mwandigwira."

Rodney analumpha n'kugwetsa mpando. Madamu anamukodola kuti akhale chete. Fathiya sanamve n'komwe phokosolo. Chimene chinamulowa chinali chakuti munthu wamkulu chotere akumutchula kuti inu.

"Tsopano nanenso ndifunseko," anapitiriza dokotalayo. "Munacheza ndi amayi angati?"

"Asanu ndi awiri, bwana."

"Pa madoko angati?"

"Limodzi."

"Anawasankha ndani amayiwo?"

"Azakhali anga."

"Onse?"

"Onse."

Dokotalayo anaseka, kuseka kwabwino kopanda chipongwe. "Ndiye nanunso ndakugwirani. Azakhali anu anakuitanirani anzawo, ndipo anzawo a mwini mabwato ndi eni mabwato. Mwaonetsa kuti amayi otere alipo, ndipo zimenezo sindingatsutse. Koma kumapeto mwalemba kuti ndi ambiri. Mwadziwa bwanji?"

Fathiya anafuna kudziteteza. Anayang'ana Madamu. Madamu anangopinda manja.

"Sindikudziwa, bwana," anatero. "Ndinangoganiza."

"Yankho limenelo ophunzira anga a chaka chachitatu amalephera kulinena. Mwatsala ndi nthawi yaitali bwanji musanabwere kuno?"

"Masabata asanu."

"Pitani pa madoko ena awiri, kumene sakukudziwani. Musalole munthu akusankhireni. Yambirani kumapeto kwa doko, bwato lachitatu lililonse mufunse mwini wake weniweni, akhale mwamuna akhale mkazi. Mukapeza kuti ine ndinakhoza, mulembe zomwezo. Mukafika kuno mudzagogode pa ofesi yanga ndi kope lanulo. Ndikukonza nkhani ija kuti itulukenso, ndipo dzina lanu lidzakhalamo pa zimene mwapezazi."

Foni itaduka, m'chipindamo munaphulika chisangalalo. Princess, mtsikana wina wa anayiwo, anamukumbatira Fathiya mpaka onse kugwera pa shelefu ya mabuku. Madamu Wezi, amene ana asukulu ankawaopa, anavina kuchokera pa bolodi mpaka pa chitseko, nsapato imodzi itavuka.

"Koma wamva?" anatero akupuma wefuwefu. "Sanakupatse malikisi. Akupatsa ntchito ina."

"Ndamva, Madamu," anayankha Fathiya, akuseka uku misozi ikutsika. "Ndipita Lachiwiri."

Ulendo uno a Ahamadi sanakane. Anapukuta njinga yawo, namanga mkeka wopempherera pa kaliyala, n'kunena kuti amuperekeza okha, nandolo adikire. Njira yonse ankauza aliyense wokumana naye kuti mwana wawo akukonza buku la dokotala, ndipo Fathiya anatopa ndi kuwongola kuti si buku ndipo sakukonza.

Doko limene anafikako linali laling'ono, lobisika kuseri kwa minda ya mpunga. Panalibe womukuwira, panalibe womukumbatira. Anthu anangomuyang'ana, mtsikana wa mpango woyera ndi kope m'manja, n'kupitiriza zawo. Bambo ake anakhala pa mthunzi, iye anakapereka moni kwa a komiti n'kufotokoza chimene wadzera, kenaka anapita kumapeto kwa doko n'kuyamba kuwerenga. Loyamba, lachiwiri, lachitatu.

Bwato lachitatulo linali la bambo wina, lake ndithu, anasema ndi malume ake. Fathiya analemba. Lachisanu ndi chimodzi linalinso la mwamuna. Analembanso, ngakhale cholembera chinkalemera. Pa lachisanu ndi chinayi anapeza mayi wowonda atakhala pa mphuno ya bwato, akusoka ukonde, osakweza mutu.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ndimafuna ndifunse za bwatoli."

"Ndinu a boma?"

"Ayi, ndine mwana wasukulu. Kwathu ndi ku Chiringa. Ndikufufuza kuti mabwato a pa nyanja ino eni ake ndi ndani. Dzina lanu sindilemba mukapanda kufuna."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku mpango. Analuma ulusi n'kuulavula.

"Mufuna yankho la m'buku la komiti, kapena lenileni?"

"Onse awiri, mayi."

Mayiyo anasendeza ukonde n'kumenya pa thabwa ndi chikhatho.

"Khalani apa. Koma dzuwali likuotchani, chifukwa nkhani yake ndi yaitali."

Fathiya anakwinya siketi, nakhala pa bwatopo, n'kutsegula tsamba latsopano.